Chimfine Sitichigonera

Lachiwiri, 3 Juni

Andigoneka dzulo masana, wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi windo. Cholembera ndabwereka kwa Sisita Cathy, namwino wa masana, chifukwa ndikakhala wopanda chochita ndiyamba kulumana ndi anthu. Ine Malita Jere, amene ndimathamanga kuchoka pa boda kukafika pa Boma n'kubwerera dzuwa lisanatenthe, lero andiletsa ngakhale kupita kuchimbudzi ndekha.

Akuti ndinagwa tikubwerera. Ine ndikungokumbukira chifuwa chikuthina ngati wina wandimanga lamba, kenako nkhope ya Felista, mnzanga wothamanga naye, ili pamwamba panga. Anandikweza pa lole ya chimanga.

Ayeza malungo, palibe. HIV, palibe. Makhololo apita ku labu kukayeza TB. Mtima ukugunda 118 ndili chigonere, pomwe masiku onse umagunda 48. M'mphuno muli timapaipi ta okosijeni.

Mpikisano wa ku Lilongwe uli pa 21. Makilomita 42, ndipo akazi awiri oyambirira akayimira dziko kunja. Ndakhala ndikuusaka kuyambira kalekale, ndipo chaka chino ndi changa, aliyense akudziwa. Ndawauza adokotala kuti pofika Lachisanu ndikhale nditatuluka. Iwo anangoyang'ana mapazi anga otupawa.

Lachitatu, 4 Juni

Andijambula ekisire. Anandikankha pa njinga ya odwala ngati thumba la fetereza, ine maso pansi kuopa kukumana ndi wondidziwa. Dokotala Zulu, amene amazungulira wodi yathu, amayankhula pang'onopang'ono moti munthu umafuna kuwathandiza kumaliza mawu. Anaunika chithunzicho pa windo n'kunena kuti mtima wakula kupitirira muyeso, ndipo m'mapapo muli madzi.

"Mtima wa wothamanga umakhala waukulu, adokotala," ndinatero.

"Zoona. Koma wothamanga satupa mapazi."

Andiyambitsa jakisoni wa lasikisi, m'mawa ndi madzulo, wochotsa madzi m'thupi. Mchere ayi. Madzi akumwa, botolo limodzi ndi theka tsiku lonse. Ndizikodzera m'chigubu kuti aziyeza. Ulemu wanga wathera pamenepo.

Amayi anga afika kuchokera ku Mlonyeni ndi mphasa, ndowa ndi kamtolo ka nkhuni. Asiya mtedza m'munda wosakumba. Sanandikalipire. Angoyala mphasa m'mbali mwa bedi langa n'kuti, "Basi, ndabwera." Bola akanakalipa.

Lachinayi, 5 Juni

TB palibe.

Bedi loyandikana ndi langa ndi la Mayi Esitele, a geni ya zitenje pakati pa Chipata ndi Lilongwe. Shuga wawadya chala cha kuphazi, koma pakamwa sanawakhudze. Andifunsa kuti ndimathamangira chiyani.

"Palibe, mayi. Ndimangothamanga."

"Manje palibe okupirikitsa, palibe katundu wozembetsa, iwe n'kumangothamanga chabe? Ife tikathamanga pa boda paja ndiye kuti zavuta."

Wodi yonse inaseka, ndi ine ndemwe, mpaka ndinabanika.

Dokotala Zulu anandifunsa ngati ndinadwalapo posachedwa. Ndinati chimfine basi, masabata awiri apitawo, thupi kutentha ndi kuphwanya. Anafunsa kuti ndinagona masiku angati. Ndinaseka, n'kuwafotokozera lamulo la gulu lathu, limene a Macdonald, kochi wathu, anatiphunzitsa: chimfine sitichigonera, timachithamangira. Ukamva thupi kutentha umavala majuzi awiri, umathira masupuni awiri a ufa m'botolo m'malo mwa imodzi, n'kulowa pamsewu kuti chichoke ndi thukuta. Ukajomba, gulu lonse limakhotera kwanu, kuima pakhomo n'kumaimba mpaka utuluke. Woyambitsa nyimboyo ndimakhala ine, ndipo ndatulutsa anthu ambiri m'mabulangete.

"Ufa wanji?" anafunsa.

"Wa ma amino asidi. A Kochi amabwera nawo kuchokera ku Lusaka, paja amayendetsa thiraki. Umamanga minofu, umalimbitsa chitetezo cha m'thupi. Chiuyambireni sindinagonepo tsiku ndi limodzi lomwe."

Analemba nthawi yaitali. Kenako anati ndiitanitse chitini cha ufawo achione.

Lachisanu, 6 Juni

Sindinatuluke.

Anandimata timawaya pachifuwa, makina n'kutulutsa kapepala ka mizere yokhotakhota. Akuti zikuoneka kuti kachilombo ka chimfine chija kanalowa mu mnofu wa mtima, mtimawo watupa ndipo ukupopa mofooka. Awonjezera kapiritsi ka enalapulo kamodzi m'mawa. Bulufeni amene ndinkamwa thupi likaphwanya, ndisadzamukhudzenso. Koma mankhwala enieni akuti ndi kugona.

Kugona! Galu womangirira ali bwino, amazungulirako mtengo.

Loweruka, 7 Juni

A Kochi abwera nthawi ya alendo, atanyamula malalanje ndi chitini cha ufa m'jumbo. Munthu ameneyu anandipeza ndili Fomu 2, ndikuthamanga wopanda nsapato pa bwalo la sukulu ku Mlonyeni, ndipo nsapato zanga zoyamba anagula ndi iwo. Ntchito ya ukalaliki kwa ma ejenti a pa boda anandipezeranso ndi iwo. Munthu akawanena, ine ndimamva ngati wanena bambo anga.

"Madokotala sadziwa thupi la wothamanga," anandinong'oneza. "Akaona mtima waukulu amayesa matenda. Iwe puma sabata imodzi, koma ufa usasiye. Dzina lako ndakalembetsa kale."

Amayi anawapatsa moni wogwada, n'kubwerera pamphasa pawo. A Kochi atapita ndi pamene anayankhula.

"Ufa umenewo ukanakhala wolimbitsa, bwenzi uli pano?"

Ndinawayankha kuti za masewera sazidziwa, adziwa za mtedza. Anangotenga mbale n'kupita kukatsuka.

Lamulungu, 8 Juni

Magulu a mipingo atatu, motsatizana. Aliyense akamva kuti ndine wothamanga amapendeketsa mutu n'kuti, "Kuthamanga si kufika, mwanawe," ngati wazitulukira yekha. Wachinayi akanena ndimugenda ndi chigubu chija.

Nyemba zopanda mchere. Mtima 104. Kuchokera pa bedi kukafika pa khomo la wodi ndi pafupi moti ndikhoza kulavulirapo, koma sindinafikepo.

Lachiwiri, 10 Juni

Dokotala Zulu anakhala m'mphepete mwa bedi langa n'kuwerenga chitini chonse, ngakhale timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Akuti ma amino asidi ndi tizidutswa timene thupi limamangira minofu, ndipo ndi tomweto tili mu nyemba, mazira, usipa ndi soya. Akuti munthu akamathamanga mitunda italiitali osapuma mokwanira, chitetezo cha m'thupi chimatha kutsika kwa kanthawi, ndipo ogulitsa ufawu amagwira pamenepo. Koma zoti ufa umatchinga matenda, umboni wake ndi wochepa.

"Ndiye ndi ufawu wandipweteka?"

"Sindikuganiza choncho. Ukanakhala mgaiwa zikanachitika chimodzimodzi. Chakupwetekani ndi kuthamanga thupi likutentha. Ufawu unangokulimbitsani mtima kuti muzitero."

Ndinkafuna anene kuti ndi poizoni. Poizoni umangomusiya, n'kuchira, n'kubwerera pamsewu.

"Nanga za pa 21?"

"Lolemba kubwera dokotala wa mtima kuchokera ku Lilongwe ndi makina a sikani. Mudzafunse iwowo. Ufawu muyambe mwausiya, impso zanu zili kale ndi ntchito yokwanira."

Mayi Esitele ananunkhiza m'chitinimo n'kuti, "Ih, kununkhira monga kasitadi. Nipatseko nithire m'phala, kapena chala chingamere."

Lachinayi, 12 Juni

Abwera.

Kusanayere bwino ndinamva mapazi pamsewu wa kuseri kwa mpanda, ambiri, ogunda pamodzi. Ndikhoza kumudziwa aliyense osamuona. Titus amakhwekhwereza phazi lamanzere, Felista amaponda ngati akuopa kudzutsa mwana. Anaima moyang'anizana ndi windo langa n'kuyamba nyimbo yathu yotulutsira aulesi.

"Malita tuluka, bulangete si mwamuna!
Malita tuluka, msewu ukudikira!"

Mlonda anawakalipira, iwo osasiya. Odwala anadzuka, ena kuseka, ena kutukwana. Miyendo yanga inatsika yokha pa bedi. Ndinafika pa windo timapaipi ta okosijeni tikundikokera kumbuyo ngati chingwe cha mbuzi. Windoli lili ndi zitsulo. Ndinatulutsa dzanja, iwo n'kukuwa. Nyimbo ili mkati ndinamva Felista akutsokomola, ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona kuti wavala majuzi awiri.

Namwino wa usiku anandibweza pa bedi. Mtima 126. Ndalira mpaka phala lazizira. Anthu amenewa ndimawakonda, koma lero ndawada.

Lachisanu, 13 Juni

Ndamulembera Felista pa foni kuti agone mpaka chifuwa chithe. Wayankha kuti, "Iwe ukunena zimenezo? Si iwe unandiimbira pakhomo chaka chatha ndili ndi malungo?" Ndamutumizira chithunzi cha chigubu changa. 

Loweruka, 14 Juni

Achotsa okosijeni. Mapazi aphwa, mitsempha yayambanso kuoneka. Lasikisi tsopano ndi wa mapiritsi. Andilola kupita kuchimbudzi ndekha, pang'onopang'ono, Amayi ali pambuyo ngati wapolisi. Mtima 92.

Ndikumva bwino. Ndikulemba kawiri kuti aliyense adziwe: ndikumva bwino.

Vuto ndi akatumba a m'miyendo. Ndawagwira lero, afewa ngati mapapaya akupsa. Tsiku lililonse limene ndagona pano, atsikana a ku Mulanje opikisana nane akuthamanga m'mapiri.

Wodi yadzaza ndi zifuwa za nyengo yozizirayi. Amayi asanu akugona pa matiresi pansi, pakati pa mabedi, ndipo munthu ukangosuntha jumbo amadzutsa mitu kuyesa ukutuluka. Mmodzi anandifunsa mwaulemu ngati ndamva za tsiku langa lotuluka. Ndinati, "Mayi, bedi ili ndingakupatseni ngakhale pompano, ndi basela yomwe."

Lolemba, 16 Juni

Sikani. Dokotala wa ku Lilongwe ndi mayi wa magalasi, wosataya mawu. Anandipaka mafuta ozizira pachifuwa, ndipo ndinauona mtima wanga pa kanema. Ndinkayesa umagunda ngati ng'oma. Umangofinya pang'onopang'ono ngati dzanja lotopa ndi kuchapa. Akuti ukupopa 38 pa handiredi, pomwe umayenera kupitirira 55, ndipo nthawi zina ukumadumphitsa. N'chifukwa chake ndikhalebe m'wodi sabata ina.

"Miyezi isanu ndi umodzi osathamanga, osapalasa njinga, osasenza ndowa," anatero. "Kenako tidzaonanso. Ambiri amachira."

"Loweruka lino ndili ndi mpikisano."

Anavula magalasi. "Achemwali, mukathamanga Loweruka, mtima uwu ukhoza kuima muli pamsewu. Sindikukuopsezani, ndikukuuzani."

"Mwati ukhoza. Simunati udzaima."

"Sindinatero."

Mawu amenewo ndawagwira ndi manja awiri. Chaka chamawa ndidzakhala ndi zaka 29, ndipo kumbuyo kwanga kukubwera ana osadziwa kutopa. Mwayi wotere subwera kawiri pakhomo la munthu wa ku Mlonyeni.

Lachiwiri, 17 Juni

Mtima 88. Denga lili ndi mabanga atatu a mvula. Sindikufuna kulemba.

Lachitatu, 18 Juni

A Kochi abweranso, nkhope ili yakugwa.

"Felista wagona," anatero. "Akuti unamulembera ndiwe, ndipo ngakhale tinamuimbira sanatuluke. Ndatsala ndi iwe wekha, Malita. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu a ku Lilongwe kuti ku Mchinji kuli mwana, iwo n'kumandiseka. Taona mapazi akowo, aphwa. Maso ayera. Mawa usaine kuti ukutuluka mwa kufuna kwako, ndidzakudikira pa geti ndi galimoto. Lachisanu upume kwathu, masupuni atatu, Loweruka tikawaonetse."

Mtima wanga unali utavomera kale. Ndikudziwa kuti n'zoseketsa, ine wogoneka mnzanga n'kudzuka ndekha. Koma Felista ali ndi zaka 21, akhoza kugona ngakhale chaka chathunthu.

Dokotala Zulu atamva anayankhula nthawi yaitali kuposa masiku onse, ndipo lero sindinafune kuwathandiza kumaliza. Pomaliza anati, "Kuno si kundende, sindingakumangeni. Koma ndikukupemphani."

Mayi Esitele anati, "Iwe mwana, ine chala ichi anandiuza kuti nigone, ine n'kuthamangira katundu ku Chipata. Manje chili kuti?"

Amayi ndinkayembekezera kuti alira kapena aitana abusa. Iwo angofunsa kuti, "Watsimikiza?" Nditavomera ayamba kupinda zitenje n'kumalongedza mbale m'ndowa. Kukhala chete kwawo kukundiwawa kuposa jakisoni, koma ndikupita. Mawa ndikaponda msewu.

Lachinayi, 19 Juni

Ndabwerera.

Lachisanu, 20 Juni

Dzulo sindikanatha kulemba. Ndilembe lero, pang'onopang'ono.

Ndinasaina m'mawa adokotala atatha kuzungulira. Sisita Cathy anandipatsa mapiritsi a sabata ziwiri osandiyang'ana kumaso, n'kubweretsa njinga ya odwala kuti andiperekeze pa geti. Ndinakana. Amayi anasenza ndowa, mphasa kukhwapa, n'kuti, "Musiyeni, Sisita. Munthu wa makilomita 42 sangalephere kufika pa geti. Tsogola."

Kunja kunali kamphepo ka Juni, kozizira, konunkhira utsi wa kukhitchini ya odikirira odwala. Ndinapuma mpweya umenewo ngati ndikumwa. Kuchokera pa khonde kukafika pa geti ndi kamtunda koti masiku onse sindikanakawerengera n'komwe, kokwera pang'ono. Patsogolo ndinawaona a Kochi ataima pafupi ndi galimoto, akukupiza dzanja. Pamenepo chinandilowa chimene chimandilowa nthawi zonse akandiyang'ana. Ndinafuna andione ndikubwera ngati Malita, osati ngati wodwala. Ndinayamba kuthamanga.

Sikunali kuthamanga kwenikweni, kunali kuja timachita potenthetsa thupi. Miyendo inakumbukira zonse, ndipo kwa kanthawi ndinasangalala kuposa tsiku lina lililonse chaka chino. Kenako m'chifuwa munachita ngati nkhuku ikuphupha m'dengu. Mtima unathamanga wokha, unaima, unathamanganso. Geti linayamba kuda m'mbali. Ndinagwira khoma la labu n'kutsetsereka mpaka kukhala pansi, pakamwa yasa, mpweya osalowa. Theka la kamtunda kaja ndinali ndisanalithe.

A Kochi anafika akuthamanga. "Dzuka, dzuka, ndi miyendo chabe yaiwala. Puma katatu, dzuka." Anandigwira mkono kuti andiimiritse. Kenako anandiyang'ana milomo. Chiwadziwireni sindinawaonepo akuchita mantha.

Amayi anafika osafulumira. Anatula ndowa, anaika mphasa pansi, anamasula chitenje cha pamwamba, n'kugwada kundipatsa msana.

"Kwera."

"Mayi, ndimunyamule ine," anatero a Kochi.

"Inu mwamunyamula kokwanira, bambo. Tengani ndowayo."

Ndinakwera. Mayi wa zaka 60, wofika m'phewa mwangamu, anandimanga ndi chitenje ngati khanda, miyendo yanga ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo. Anthu a pa mzere wa mankhwala anapatuka, wina n'kuthamanga kukaitana anamwino. Ndinamva msana wawo ukunjenjemera pa sitepe iliyonse, koma njinga ya odwala itatipeza pa khonde anakana kunditsitsa mpaka m'wodi. A Kochi ankabwera pambuyo ndi ndowa ndi mphasa, mbale zikulira. Ndinabisa nkhope pakhosi pa Amayi n'kunena kuti pepani. Anati, "Khala chete, ukundilemera."

Bedi langa ndinalipeza lili ndi mwini wake, mayi uja ndinamulonjeza basela. Anandiyang'ana mwamanyazi, atagwira bulangete ndi manja awiri. Palibe cholakwa chake. Anandiyalira matiresi amene iye anasiya, pansi, pakati pa bedi la Mayi Esitele ndi khoma.

Okosijeni wabwerera. Timawaya pachifuwa kawiri dzulo, kamodzi lero. Lasikisi wabwerera ku jakisoni. Mtima unafika 142, tsopano 106. Dokotala Zulu anachita kugwada kuti andipime, ndipo sananene kuti paja ndinakuuzani. Akuti ndadzibweza m'mbuyo, koma sakudziwa kuti mpaka pati.

A Kochi anaima pa khomo la wodi nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Ndinawakodola.

"Mukafufutitse dzina langa," ndinatero.

Anavomera ndi mutu. Kenako anatuluka.

Mayi Esitele anasuzumira kuchokera pamwamba n'kuti, "Wabwelako ku Lilongwe? Unakhala nambala chani?" Palibe anaseka. Kenako anatsitsa pilo wawo n'kundipatsa.

Loweruka, 21 Juni

Pofika pano ayamba kale. Foni ndazimitsa, ndawapatsa Amayi asunge.

Pansi pano pamazizira, ndipo chimene ndikuona ndi miyendo ya mabedi ndi mapazi a anthu odutsa. Ndikuopa. Sindikudziwa ngati ndidzathamangenso, ndipo palibe amene akufuna kundinamiza kuti akudziwa.

Mtima 98. Phala ndamaliza lonse.

Sisita Cathy atabwera ndi jakisoni ndinawapempha kuti bedi likapezeka andiganizire. Anandiyang'ana, n'kufunsa kuti ndikulifuna la masiku angati. Ndinati adziwa ndi adokotala.